Dokotala wa mabanja asamaonedwe ngati wotsalira

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiikepo mlomo pa nkhani ya achinyamata amene akumaliza maphunziro a udokotala n'kusankha ukatswiri wosamalira mabanja, umene m'zipatala amautchula kuti family medicine. Nkhaniyi yavuta pakati pa Amalawi ena okhala kuno ku Johannesburg kuyambira pamene mwana wa mchemwali wanga, yemwe ali m'chaka chomaliza ku yunivesite ya Wits, adanena poyera kuti iyi ndiyo njira imene atsate. Achibale ankayembekezera dokotala wa maopaleshoni kapena wa mtima, choncho kwa iwo mwanayu wasankha kukhala dokotala wamba wongolembera anthu panado.

Aliyense woganiza chotere ayambe wawerenga zaka zimene zili patsogolo pa mwanayu. Kuno ku South Africa digiri ya udokotala kawirikawiri imatenga zaka 6, kenako dokotala watsopano amagwira ntchito zaka ziwiri moyang'aniridwa ndi akuluakulu ake, n'kuwonjezera chaka chimodzi chotumikira kumene boma lamutumiza, lamulo limene lidayamba mu 1998. Akatero ndi pamene angafunsire malo ophunzirira ukatswiri kwa zaka zina zinayi, zimene zimatha ndi mayeso komanso kafukufuku. Zonse pamodzi ndi zaka 13, ndipo kuyambira mu 2007 bungwe la HPCSA, limene limalembetsa madokotala kuno, limawerengera dokotala wa mabanja m'gulu la akatswiri, mofanana ndi wa ana kapena wa amayi.

Kwathu nakonso njirayi ilipo, ngakhale kuti makolo ambiri sakuidziwa. Sukulu ya College of Medicine, imene idatsegulidwa mu 1991 ndipo tsopano ili mbali ya yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS), idayamba kuphunzitsa ukatswiri umenewu mu 2015. Chimene ine chimandisangalatsa ndi chakuti ophunzirawo adaikidwa pa chipatala cha boma cha Mangochi ndi pa chipatala cha mishoni cha Nkhoma, osati pa chipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre, chifukwa munthu ayenera kuphunzirira pamalo ofanana ndi pamene adzagwirepo ntchito.

Dziko lathu lili ndi maboma 28, koma zipatala zazikulu zotumizako odwala kwambiri ndi zinayi zokha: ku Blantyre, ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mayi woyembekezera amene akulephera kuchira usiku ku Chitipa kapena ku Nsanje sangadikire ambulansi yomufikitsa kwa katswiri wa mumzinda, makamaka nthawi ya dzinja pamene misewu yawonongeka. Iye akufunika munthu wodziwa kuchita opaleshoni pomwepo, yemwenso m'mawa mwake adzaone mwana wokomoka ndi malungo, mnyamata wothyoka mwendo pa kabaza ndi mtsikana wa khunyu amene kwawo akuti adalodzedwa. Kwa zaka zambiri katundu ameneyu amusenza ndi makiliniko ofesa, anamwino ndi azamba, ndipo agwira ntchito yotamandika, koma nawonso amafuna wamkulu wokhala nawo pafupi, wowaphunzitsa ndi wofunsako pamene zinthu zathina.

Palinso china chimene ife okhala kunja timachidziwa bwino, popeza ndife timatumiza ndalama za thiransipoti. Makolo athu ambiri tsopano sadwala nthenda imodzi. Agogo amene akumwa ma ARV angathe kukhalanso ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo kawirikawiri nthenda iliyonse imakhala ndi tsiku lake, mzere wake ndi womuona wake, mwakuti palibe amene amakhala pansi kuona ngati mankhwala onsewo akugwirizana, kapena kufunsa ngati kunyumba kuli chakudya chomwera mankhwalawo. Dokotala wa mabanja adaphunzitsidwa kufunsa mafunso amenewa, ndi kumutsatira wodwala yemweyo chaka ndi chaka kufikira adziwe ndi amene amamusamalira pakhomo. Ntchito yotereyi siimveka pa wailesi, n'chifukwa chake anthu amaipeputsa.

Komabe kudzudzula makolo kokha sikokwanira, pakuti nkhawa yawo ina ndi yomveka. Iwo amawerenga za madokotala omaliza maphunziro amene amakhala miyezi akudikira kulembedwa ntchito, kwathu ngakhalenso kuno kumene, ndipo amafunsa ngati mwana wawo adzapeze malo oyenera zaka zonse zimene wavutikira. Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti uonetsetse kuti chipatala cha m'boma lililonse chili ndi udindo wa dokotala wa mabanja wolembedwa momveka, wa malipiro ofanana ndi a akatswiri ena, komanso wa nyumba yokhalamo, chifukwa sukulu ya ana ndi nyumba ndizo zimathamangitsira madokotala m'tauni. Katswiriyu asasandutsidwenso mlembi wa muofesi wongokhalira misonkhano ndi malipoti, koma asiyidwe m'mawodi ndi m'zipatala zing'onozing'ono za m'midzi. Ndikupemphanso bungwe la Medical Council of Malawi kuti lizifalitsa momveka ndondomeko imene ana athu ophunzira kunja ayenera kutsata akafuna kudzalembetsa ndi kugwira ntchito kwathu.

Ine wanu,
Mmalawi wokhala ku Johannesburg