Lipoti la maphunziro a makiyi a cloud omwe anachitikira mu mzinda wa Zomba

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ndi funso limodzi: n'chifukwa chiyani malipoti ndi zithunzi za malisiti zimakana kulowa mu bucket yathu, malo athu osungiramo mafayilo pa intaneti (pa cloud) a Amazon S3, makamaka zikamachokera ku maofesi athu a ku Jali ndi ku Thondwe? Yankho ndabwera nalo, ndipo netiweki imene timaidzudzula tsiku ndi tsiku ija ilibe mlandu.

Anatiphunzitsa ndi mayi ena ochokera ku Blantyre, odekha koma osalola kuti munthu adumphe mzere. Mfundo yawo yaikulu inali yakuti nambala ya 403, imene imaoneka fayilo ikakanidwa, payokha sinena chilichonse. Pansi pake pamakhala dzina la vutolo, ndipo ndi dzinalo lofunika kuliwerenga. Ife tikangoona 403 timathamangira kupanga kiyi yatsopano yolowera mu bucket, zomwe zili ngati kumwetsa mankhwala a malungo munthu amene akumva dzino.

Kiyi ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba, access key ID, ndi ya zilembo 20. Yachiwiri ndi yachinsinsi, ya zilembo 40, ndipo imaonetsedwa kamodzi kokha, pa nthawi yoipanga. Mukaona InvalidAccessKeyId, ndiye kuti mbali yoyambayo siikudziwika: inafufutidwa kapena yalembedwa molakwika. Yang'anani mmene yayambira. Ya AKIA ndi yokhalitsa. Ya ASIA ndi yakanthawi, imayenda limodzi ndi session token (mzere wina wa zilembo wakanthawi), ndipo nthawi yake ikatha mudzaona ExpiredToken. Mukaona SignatureDoesNotMatch, kaikirani mbali yachinsinsi. Mbali imeneyi situmizidwa pa intaneti. Kompyuta imangoigwiritsa ntchito posainira pempho lililonse, choncho kampata kamodzi kotsalira pokopera pa WhatsApp kamasokoneza siginecha yonse.

Chimene chinatitengera nthawi yambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti ndicho chikutivuta kumaofesi a kumudzi, ndi wotchi. Mnyamata wina wa ku Domasi anabwera ndi laputopu yakale imene kiyi yake inali yabwinobwino, koma fayilo iliyonse inkabwerera ndi mawu akuti RequestTimeTooSkewed. S3 imakana pempho ngati nthawi ya kompyuta yasiyana ndi yake kupitirira mphindi 15. Tinayang'ana pakona ya sikirini, wotchi inkagwirizana ndendende ndi ya pafoni. Mayi aja anangotsegula pamene pamasankhidwa dera la nthawi, ndipo tinapeza kuti laputopuyo inaikidwa pa nthawi ya London. Mwiniwake ankangokonza manambala pamanja kuti aoneke bwino, pomwe mkatimo makinawo anali kutali ndi nthawi yeniyeni. Malawi ali pa UTC+2, ndipo pa Windows timasankha mzere wolembedwa Harare, Pretoria. Atasintha apo n'kuuza kompyuta kuti izitenga yokha nthawi pa intaneti, fayilo inalowa tonse tikuona. Makompyuta akale a pa desiki ali ndi vuto lina pamwamba pa limeneli: kabatire kozungulira ka CR2032 kamene kali mkatimo kakatha, wotchi imasokonekera magetsi akangozima. A ku Jali, chonde kayambeni mwaona zimenezi.

AccessDenied ndi nkhani ina. Apa kiyi yadziwika, koma mwini kiyiyo alibe chilolezo. Kuti munthu atumize fayilo pamafunika chilolezo cha s3:PutObject, ndipo polemba policy (malamulo onena yemwe aloledwa kuchita chiyani), dzina la bucket liyenera kuthera ndi /* chifukwa chilolezocho chimakhudza mafayilo a mkatimo. Popanda tizilembo tiwiri timeneti, pangani makiyi ochuluka bwanji, khomo silitseguka.

Palinso msampha wa kiyi yakale yobisala. Pulogalamu ya AWS CLI, yolamulira ntchito za Amazon polemba malamulo pa kompyuta, imayamba yatenga kiyi imene ili mu environment variables (zoikidwa mu makina a kompyutayo) isanayang'ane fayilo ya credentials yosungamo makiyi, ndiye mutha kusintha fayiloyo koma makina n'kumagwiritsabe ntchito yakale. Lamulo lakuti aws sts get-caller-identity limakuuzani kuti mwalowa ngati ndani. Za dera la ma seva a Amazon la Cape Town, af-south-1, lomwe linatsegulidwa mu 2020, anangotikumbutsa kuti liyenera kuyatsidwa kaye pa akaunti. 

Panabuka mtsutso pamene bambo ena ananena kuti njira yachidule n'kungotsegula bucket kuti aliyense azitha kuikamo ndi kutengamo. Ena anavomera chifukwa chotopa ndi ma error. Ine ndinakana, ndipo ndikupempha kuti ifenso tisayerekeze. M'mafayilo athu muli mayina a mamembala, manambala a foni ndi ngongole zawo, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act ya 2024. Kunena zoona, kiyi imodzi imene tonse tikugawana pa gulu la WhatsApp sikusiyana kwenikweni ndi kutsegula bucket. Ili m'foni za anthu amene anasiya ntchito kalekale.

Choncho ndikupempha komiti ivomereze izi pa msonkhano ukubwerawu. Ofesi iliyonse ikhale ndi IAM user wakewake (dzina lakelake lolowera pa akaunti yathu ya Amazon), wololedwa kuika mafayilo mu foda yake yokha. Pakavuta tidzadziwa kuti pavuta pati. Kiyi ya pa WhatsApp ifufutidwe, koma mwadongosolo: user aliyense amaloledwa makiyi awiri, ndiye timapanga yatsopano, kuiyesa, kuyimitsa yakale, kenako kuifufuta tikatsimikiza kuti palibe akuigwiritsa ntchito. Akaunti yaikulu ya root isakhale ndi kiyi konse. Aliyense wokumana ndi vuto azitumiza chithunzi cha sikirini choonetsa dzina la error, osati kungolemba kuti "zakana", ndipo aonetsetse kuti kiyi yachinsinsi sikuoneka pa chithunzicho.

Msungichuma atithandize ndi ndalama ya mabatire a makompyuta a ku Jali ndi ku Thondwe komanso thiransipoti. Komiti ikangovomera, ndipita ndekha kukakonza mawotchiwo ndi kuika makiyi atsopano.

Ine nthumwi yanu.