Kwa makasitomala athu a gasi: zosintha kuyambira pa 1 Juni

Okondedwa amayi ndi abambo a pa Dedza boma, ku Bembeke, Linthipe, Chimbiya, Lobi ndi Lizulu,

Ndakulonjerani nonse. Kalata iyi yagona m'thumba mwanga milungu iwiri, ndikulemba n'kung'amba, chifukwa ine sindinaleredwe moyanika za m'nyumba pabwalo. Koma chisanu chafika pakhomo, mwera wayamba kale kuwomba m'mawa, ndipo ndi bwino mumve kwa ine mwini kusiyana n'kukamvera kwa akabaza pa depoti.

Ambiri a inu mukukhala kumene mawaya a ESCOM sanafike. Ena muli ndi sola yoyatsira mababu ndi kutchajira foni, koma sola ya pakhomo singakoke hita usiku wonse. Choncho Juni ndi Julaye akafika, agogo m'nyumba, ana akhanda, anapiye m'makola ndi alendo a m'malo ogona, onse amayang'ana silinda ya gasi. Ine ndimadziwa zimenezi, n'chifukwa chake zaka zonsezi ndakhala ndikukubweretserani mpaka pakhomo osalipiritsa mayendedwe, ena ndikukulembani m'kabuku kuti mudzalipire mukagulitsa mbatata kapena nkhuku. Zimenezo sindingathenso.

Gasi sitikumba kuno ku Malawi. Amachita kubwera pa magalimoto a thanki kuchokera kunja, ena kudzera ku Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, ena kudzera ku Mwanza kuchokera kumwera, ndipo amagulidwa ndi madola. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi wokha. Tsiku limenelo ndinali ndi ngongole zodzaza kabuku, ndalama zimene munandibwezera pambuyo pake sizinathe kugula ngakhale gasi yemwe ndinakupatsaniyo. Sindinadandaule kwa munthu. Kumapeto kwa 2024, zipolowe za chisankho ku Mozambique zitatseka misewu, munaona nokha mizere ya mafuta. Ife a gasi tinakhalanso manja m'khosi, masilinda opanda kanthu atadzaza bwalo ngati maungu.

Koma chimene chandithyola msana ndi ichi. Kampani imene ndakhala ndikupikulako kwa zaka zambiri inkandipatsa masiku 30 kuti ndilipire. Mwezi wathawu anangonditumizira uthenga pa WhatsApp, mizere itatu, kuti tsopano ndalama patsogolo, ndipo oda yaing'ono sakulandiranso. Osandiimbira n'komwe! Munthu amene sindinaphonyepo tsiku lolipira, amene ndinkawatumizira thumba la kachewere pa Khrisimasi. Nditapita kukaonana ndi abwana awo, anandisiya pa benchi kuyambira 9 koloko mpaka masana, kenaka kamnyamata kena n'kudzandiuza kuti ali pa msonkhano. Ndinabwerako ndi fumbi lokha.

Musaganize kuti ndinangokhala pansi n'kumalira. Ndayenda. Ku Lilongwe ndapita kanayi, makilomita oposa 80 ulendo uliwonse, mafuta anga. Ku Blantyre ndagonako masiku awiri. Kumene gasi ndi wotchipadi amafuna ugule thanki yathunthu, matani pafupifupi 20, ndipo ukhale ndi chithanki chako chosungira, choyezedwa, chokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta, gasi ndi magetsi. Lamulolo sindikulitsutsa, gasi si thobwa. Koma ndalama yomangira malo otere ndiitenga kuti? Ndinakapempha ngongole ku banki ina, mafomu ndinalemba, chikalata cha nyumba ndinapereka, ndipo mpaka lero yankho ndi lakuti abwana ali patchuthi. Ena anati atha kundigulitsa ngati ndibwera ndi madola m'manja. Madola a pamsika wamseri mukudziwa mtengo wake, ndikanawagula mukanawalipira ndinu.

Panali mmodzi amene mtengo wake unandisangalatsa kwambiri moti ndinatsala pang'ono kusayina pomwepo. Mwamwayi ndinati ndiyambe ndatengako masilinda asanu oyeserera. Nditafika nawo kuno ndinawaika pa sikelo, kuchotsera kulemera kwa silinda yopanda kanthu kumene kumadindidwa pa chogwirira chija. Ya makilogalamu 9 inali yoperewera, ya 19 chimodzimodzi, onse asanu. Imodzi ndinakaisiya kukhola kwa mlamu wanga ku Bembeke. Cha m'ma 4 koloko m'mawa moto unayamba kufooka, silinda itachita thukuta lozizira kunja, pamene mukaigwedeza mukumva gasi alimo. Amene mumaweta nkhuku mwamva kale chimene chinachitika. Gasi amene timagwiritsa ntchitoyu ndi wosakaniza mitundu iwiri, propane ndi butane. Butane amaleka kusanduka mpweya kukazizira kufika cha pa 0 digiri, ndipo silinda ikamatulutsa gasi imadziziziritsa yokha kuposa mpweya wa panja. Propane sasamala, amatuluka ngakhale pa 40 pansi pa ziro. Ku Salima kapena ku Golomoti simungaone kusiyana. Kuno kumtunda, mamita oposa 1,500 pamwamba pa nyanja ya mchere, gasi wochuluka butane amakuthawani pa ola lomwe anapiye akumufunitsitsa. Mlamu wanga anapulumutsa anapiyewo ndi mbaula, ndipo sanandilankhule masiku atatu. Masilindawo ndinabweza. Mukamva kuti kwinakwake akugulitsa motchipa, pitani ndithu, sindikuletsani, koma nyamulani sikelo.

Pomaliza ndagwirizana ndi kampani ina imene gasi wake ndamuyesa ndipo ali bwino. Nawonso akufuna ndalama patsogolo, koma avomera kuti ndizitenga lole yodzaza kawiri pa mwezi pa mtengo wopikulira. Kuti loleyo idzaze ndiyenera kusonkhanitsa maoda anu onse pamodzi.

Ndiye kuyambira pa 1 Juni zinthu zikhala chonchi. Zotenga gasi pa ngongole zatha kwa aliyense, ndi achibale anga omwe. Tizibweretsa gasi Lachisanu loyamba ndi lachitatu la mwezi, ndipo oda ndi ndalama zizifika pofika Lolemba la sabata yomweyo, pa Airtel Money, Mpamba kapena kusitolo. Kufikitsa pakhomo kwaulere kwatsalira okhawo otenga makilogalamu 19 kupita m'mwamba. Masilinda ang'onoang'ono muzidzatengera kusitolo, kapena muphatikize ndi anzanu oyandikana nawo. Mtengo wa pa kilogalamu sudzadutsa umene MERA yalengeza. Amene muli m'kabuku, bwerani tikambirane mwakachetechete.

Powerengera oda yanu, hita ya magawo atatu ija mukaiyatsa yonse imadya pafupifupi magalamu 300 pa ola. Silinda ya makilogalamu 9 ndiye kuti ndi maola 30 basi. Musadzandiimbire pakati pa mwezi usiku kuti gasi watha, sindidzakhala naye wapadera monga kale.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mubwerera ku makala. Sindingakuweruzeni, ngakhale mukuona mmene nkhalango za Dzalanyama ndi Chongoni zayerera, ndipo chilango cha makala opanda chiphaso chinakwezedwa mu 2020. Chokhacho ndikupempha: mbaula isagone nanu m'chipinda chotseka. Hita ya gasi nayonso imafuna kazenera kotsegula pang'ono, ndipo muziizimitsa pogona.

Zikomo kwambiri, zikomo, chifukwa chondisunga zaka zonsezi. Ena munayamba nane ndikunyamula masilinda awiri pa njinga. Anyamata anayi amene ndimagwira nawo ntchito amadya chifukwa cha inu, ndipo ndawalonjeza kuti palibe amene ndimuchotse chisanu chino, ngakhale polonjezapo ndinali ndisanaone kuti ndi angati a inu mutsale. Chonde musandithawe musanayese dongosololi mwezi umodzi wokha. Lole yoyamba ikachoka yosadzaza, mtengo wopikulirawo andilanda, ndipo ndidzayenera kulembanso kalata ina ngati ino.

Amene muli ndi masilinda athu opanda kanthu kunyumba, makamaka a makilogalamu 48 aja, abwezeni sabata ino. Ndilibe pothira gasi wa oda yoyamba.

Ine wanu,
Mwini sitolo ya gasi, Dedza boma