Mpingo wa a Mormon upepese kwa ophunzira ake amene udawadula

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za mpingo wa a Mormon, uja amishonale ake ovala malaya oyera timakumana nawo m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe. Chikhulupiriro chawo ndilibe nacho mlandu. Chondipweteka n'momwe akuluakulu a ku likulu lawo ku Salt Lake City, ku America, akhala akuchitira ndi ana awo ophunzira.

Mu September 1993 mpingowu udalanga olemba ndi ofufuza asanu ndi mmodzi, ndipo asanu mwa iwo udawaduliratu. Mmodzi anali D. Michael Quinn, katswiri wa mbiri yakale yemwe adaphunzitsa pa Brigham Young University, yunivesite ya mpingowu, mpaka 1988. Bamboyu adafukula zolemba zakale za mpingo, ndipo mu 1985 adaonetsa kuti atsogoleri ankadalitsabe maukwati a mitala mwakabisira ngakhale adalengeza mu 1890 kuti asiya. Zimenezi zidachititsa akuluakulu kumuyang'ana ndi diso lofiira. Atadulidwa, ntchito yokhazikika ya pa yunivesite sadaipezenso. Ndiye taonani: mu 2014 mpingo womwewo udalemba pa intaneti kuti n'zoona, maukwati otero ankachitikabe mpaka cha m'ma 1904. Quinn adamwalira mu 2021 ali kunja kwa mpingo, chikhulupiriro chake osachitaya.

Mayi Lavina Fielding Anderson, mmodzinso mwa odulidwa aja, amene adalemba za momwe ophunzira ankaopsezedwera, sadasiye kupita ku tchalitchi atadulidwa. Atapempha kubatizidwanso, mu 2019 adawakanira.

Kwa ife anthu a khungu lakuda nkhaniyi si yapatali. Mpaka 1978 mwamuna wakuda wochokera ku mtundu wa mu Africa sankaloledwa unsembe mumpingowu. Anali membala wamba, dokotala Lester Bush, amene mu 1973 adaonetsa ndi umboni kuti lamulolo lidakhazikika m'nthawi ya Brigham Young, mtsogoleri wachiwiri wa mpingowu, osati ndi Joseph Smith amene adauyambitsa. Padatha zaka 40 kuti mpingo uvomere zimenezi poyera n'kukana chiphunzitso choti khungu lakuda ndi temberero. Mnyamata wa ku Ndirande amene lero akudalitsa mgonero mumpingowu ali ndi ngongole kwa anthu ofunsa mafunso ngati amenewa.

Kuvomera mbiri yoona n'kwabwino, ndipo ndikuwayamikira. Koma kudya za m'munda wa munthu amene udamuthamangitsa pamudzi, osatchula n'komwe kuti udamulakwira, sikoyenera. Atsogoleri atchule dzina la Quinn pamsonkhano wawo waukulu wa mu April kapena October, apepese kwa ana ake.

Ine wowerenga wanu,
Zomba