Kukonza m'kati mwa galimoto yakale kuyambire pansi pa kapeti

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi eni galimoto zakale muno mu Lilongwe, amene akusungabe Peugeot 504, Land Rover, Datsun 120Y, Volkswagen Beetle kapena Benz ya W123 imene inayamba kupangidwa mu 1976. Ambiri akafuna kukonza m'kati amathamangira kwa osoka mipando ku Mchesi. Mipando imabwerako yowala ndithu, koma mvula ya Disembala ikangogwa, fungo la chinyontho limabwerera ndipo nsalu yatsopano imayamba nkhungu. Osokawo sanalakwe ayi. Ntchito ndiyo yayambira kumapeto.

Musanamasule bauti ngakhale imodzi, jambulani zonse ndi foni, ndipo chotsani waya wa batire. Masikuluu a chitseko chilichonse akhale m'kajumbo kakekake kolembedwa. Nsalu zakale, kapeti ndi mabolodi a m'zitseko musataye, ngakhale zitang'ambika chotani, chifukwa ndizo zidzakupatseni muyeso wodulira zatsopano. Valani chophimba pamphuno, poti m'mipando yakale mumakhala zisa ndi ndowe za makoswe.

Mukachotsa mipando ndi kapeti, funani polowera madzi. Munthu mmodzi akhale m'kati ndi tochi, wina azithira madzi kunja pang'onopang'ono, kuyambira m'munsi mwa zitseko kukwera mpaka padenga. Mukayambira padenga madzi amayenderera paliponse ndipo simudziwa pamene alowera. Nthawi zambiri olakwa amakhala labala wa galasi lakutsogolo amene wauma ndi dzuwa, malabala a zitseko, ndi timabowo totulutsira madzi kunsi kwa zitseko timene timatsekeka ndi fumbi. Timabowoti tsegulani ndi kawaya. Labala wouma sinthani; kumata silikoni pamwamba pake kumangotsekera madzi m'kati, dzimbiri n'kumadya chitsulo mosaoneka.

Tsopano pansi. Apa ndi pofunika kudekha. Palani dzimbiri ndi burashi ya waya, kenako sandipepa ya nambala 80, mpaka chitsulo chioneke. Gogodani ndi sikuludiraiva: pamene yalowa, chitsulo chatha. Malo otere adulidwe ndi kuwotcherera chigamba cha chitsulo chochindikala pafupifupi milimita imodzi. Kutseka bowo ndi fila (phala lomatira bodi ya galimoto) n'kudzinamiza, makamaka pamene pamamangidwa mipando ndi malamba, chifukwa pa ngozi bauti imazuka pamodzi ndi chitsulo chowolacho. Wowotcherera ayambe waona pamene padutsa paipi ya mafuta ndi ya mabuleki, ndipo ndowa ya mchenga ikhale pafupi. Pamene dzimbiri langodya pamwamba pakani mankhwala opha dzimbiri okhala ndi phosphoric acid, aume tsiku lathunthu, kenako penti yoyambira yoteteza ku dzimbiri (red oxide) kawiri, penti pomaliza. Ntchitoyi imayenda bwino pakati pa Meyi ndi Okutobala, kunja kukakhala kouma.

Pansi pali poyera chonchi, onaninso mawaya onse odutsa pamenepo, ndipo olimba kapena osenduka asinthidwe. Eni Beetle akumbukire kuti batire ili pansi pa mpando wakumbuyo. Mpando ukafooka, zitsulo zake zimatha kugunda mitu ya batire munthu akakhalapo, moto n'kubuka. Mutu wa pozitivu uvindikiridwe.

Nsalu yakudenga ilowe mipando isanabwerere. M'galimoto zambiri za nthawi imeneyo imakoloweka pa timitengo tachitsulo topindika, ndipo timitengoti sitifanana kutalika. Tilembeni manambala pochotsa. Mukasokoneza, nsalu imachita makwinya osatheka kuwongola. Yambani kukoka pakati kupita m'mbali. M'galimoto zina m'mphepete mwa nsalu mumapanidwa ndi labala wa galasi, choncho galasi lichotsedwe, ndiye ndi nzeru kuchita izi tsiku lomwe mukusintha labala uja. Guluu akhale wopirira kutentha, chifukwa denga loima padzuwa la Okutobala limasungunula guluu wamba. Pakani mbali zonse ziwiri, dikirani mphindi 10 mpaka 15 mpaka asamamatire chala, kenako phatikizani. Womata guluu akadali wamadzi adzaona nsalu ikulendewera pasanathe mwezi.

Mabolodi a m'zitseko dulani pa hadibodi ya mamilimita 3 potsata akale, pakani vanishi kumbuyo, ndipo matani pepala la pulasitiki pa chitseko musanawabwezere. Pepalali ambiri amaling'amba n'kulitaya, pamene ndilo limateteza bolodi ku madzi otsika ndi galasi.

Pamenepo mpamene mipando ifike kwa wosoka. Muuzeni avule zonse mpaka chitsulo, awotcherere pothyoka ndi kusintha masipuling'i oduka. Pamwamba pa masipuling'i payalidwe chiguduli cholimba kuti asadule siponji. Mu Benz ndi Beetle munali chotsamira cha ulusi wolimba wosakaniza ndi labala, chimene chikakalamba chimayoyoka ngati utuchi pansi pa mpando. Cholowa m'malo mwake chikhale siponji yolimba ya mamilimita 50 pansi, ndi yofewerapo ya mamilimita 25 pamwamba. Siponji ya matiresi otchipa ndimaikana kwathunthu: imaphwa msanga, nsalu n'kukhwepa, woyendetsa n'kumamva chitsulo.

Pa galimoto ya zitseko zinayi, rexine yotambalala mita 1.4 imafunika pafupifupi mamita 7 kapena 8, ndipo mugule yonse pa mpukutu umodzi kuti mtundu usasiyane. Nsalu yakale isomoledwe m'misoko, zidutswa ziyalidwe pa yatsopano ndi kulembereza ndi choko, kusiya sentimita imodzi ya msoko. Ulusi ukhale wa nayiloni kapena poliyesitala, poti wathonje umawola. Funsaninso za kutalika kwa msoko: pakhale mamilimita 4 kapena 5 pakati pa mabowo a singano. Msoko wothithikana umaboola rexine ngati risiti yong'amba, ndipo imang'ambika potsata mzere womwewo. Musanaveke, yanikani chovalacho padzuwa kwa kanthawi kuti chifewe ndi kukokeka bwino.

Dashibodi ingotsukidwa ndi madzi a sopo ndi kansalu kofewa. Oilo wa injini kapena mafuta ophikira amene ena amapaka kuti iwale amangokoka fumbi ndi kuchititsa chinyezimiro pa galasi.

Malamba akale othetheka kapena ouma asinthidwe onse, osawasoka pamanja, ndipo amangidwe ndi mabauti ake enieni, osati otola pa mulu wa zitsulo ku Malangalanga. Kapeti ilowe pomalizira penipeni, mutathiranso madzi kachiwiri ndi kuona kuti pansi pauma. Musaimate ndi guluu paliponse. Isiyeni yotheka kutukula, kuti nthawi ya dzinja muzitha kusuzumira pansi pake kamodzi pamwezi.

Ine wanu,
Wokonda galimoto zakale,
Lilongwe