Kwa a Meya: katapila asanalowe pakati pa mzinda

Olemekezeka a Meya,

Mapulani okonzanso pakati pa mzinda ndawaona, ndipo sindikuwatsutsa. Misewu ndi yopapatiza, ngalande zimasefukira, ndipo nyumba zina zathadi moti kuzisunga n'kuika miyoyo ya anthu pachiswe. Chandilembetsa kalatayi ndi funso limene mapulaniwo sakuyankha: ndani ayambe wayang'ana zimene zili pamalopo, pamwamba ndi pansi pomwe, katapila asanalize injini?

Nyumba zakale aliyense amaziona, komabe zimagwa anthu akuyang'ana. Mu 1963 ku New York anayamba kugumula siteshoni ya sitima ya Pennsylvania, chimango chokongola chimene chinatsegulidwa mu 1910. Ena anachita zionetsero, koma analibe lamulo loti agwire. Lamulolo linabwera mu 1965, madzi atatayika kale. Ndi lomwelo limene pambuyo pake linapulumutsa siteshoni ya Grand Central pamene eni ake ankafuna kuimika nsanjika pamwamba pake. Nkhaniyo inakafika kukhoti lalikulu la dziko la America mu 1978 ndipo mzinda unapambana. N'chifukwa chake ndikupempha kuti khonsolo ilembe mndandanda wa nyumba zotetezedwa panopa, chilolezo chogumula ngakhale chimodzi chisanatuluke.

Koma nkhawa yanga yeniyeni ili pansi pa nthaka, kumene kulibe woziyankhulira. Pakati pa mzinda kawirikawiri ndi pamene anthu akhalapo nthawi yaitali, m'badwo uliwonse ukumanga pamwamba pa zotsala za unzake. Pansi pa malo oimika magalimoto pakhoza kukhala maziko akale, chitsime chokwiririka, mapale, makala, ngakhale manda. Ku Leicester, mzinda wa ku England, mafupa a mfumu Richard III anapezeka mu 2012 pansi pa malo otere. Ndipo akatswiri ofukula zakale sawerenga chinthu pachokha, amawerenga pamene chagona. Phale lopezeka pansi pa khoma limathandiza kudziwa zaka za khomalo. Katapila akangosakaniza dothi, phale lija limangokhala phale basi, ngakhale mutalitola n'kulitsekera mugalasi.

Za manda ndiye zimandisowetsa tulo. Mu 1991, boma la America likukumba maziko a ofesi ku Manhattan mumzinda wa New York, kunatulukira manda a anthu akuda, ambiri a iwo akapolo. Anafukula mafupa a anthu 419 ntchito isanaimitsidwe chifukwa cha mkwiyo wa anthu, ndipo anadzawaikanso m'manda mwaulemu mu 2003. Chaka chomwecho ku Cape Town, pa Prestwich Street, omanga anakumana ndi mafupa a anthu oposa chikwi, mkangano n'kubuka. Taonani, a Meya, amene amapezeka pansi pa mizinda ikuluikuluyi nthawi zambiri ndi anthu amene mabuku sanawalembe: akapolo, antchito, amphawi. Olemera anasiya makalata ndi zipilala. Enawa anasiya mafupa okha, ndipo ndi amene fosholo ya katapila imayamba kuwapeza.

Ndikudziwa zimene eni ndalama akuuzani, kuti zofukulafukulazi zimachedwetsa ntchito. Sakunama kwenikweni. Ku Istanbul, ntchito ya njanji ya Marmaray inachedwa ndi zaka zingapo atapeza doko lakale lokhala ndi zombo 37 ku Yenikapı. Koma chimene chimapweteka kwambiri thumba n'kupeza zinthu mochedwa, makina atabwerekedwa kale, antchito atalembedwa, ngongole ya kubanki ikubereka chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku. Anthu a ku London anaphunzira movutikira. Mu 1954 anapeza kachisi wa Aroma wa mulungu Mithras pamalo omanga maofesi, anamuphwasula n'kukamumanga pena molakwika, mpaka mu 2017 pamene anatsegulidwanso pafupi ndi pamene anali, pansi pa nyumba ya kampani ya Bloomberg. Mu 1989 zinachitikanso ndi maziko a nyumba yakale ya zisudzo ya Rose, ndipo chaka chotsatira boma linakhazikitsa ndondomeko yoti kufufuza kuzichitika chilolezo chomanga chisanaperekedwe, wolipira akhale womangayo. Kuwerenga mapu akale ndi kukumba timaenje tochepa toyesera ndi ntchito ya masabata. Zikapezeka, pulani imatha kusinthidwa idakali papepala: maziko kusunthidwa, kapena zinthuzo kusiyidwa pansi osakhudzidwa.

Palinso munthu mmodzi amene timamuiwala, woyendetsa katapila uja. Iye ndi amene amaona chigaza choyamba. Ngati akudziwa kuti akanena bwana wake amuchotsa ntchito, adzakwirira mwakachetechete, ndipo sindingamuweruze. Ku Mexico City mu 1978, ogwira ntchito zamagetsi anagunda chimwala chosemedwa, nkhani inawafika akatswiri, ndipo ndi mmene kufukula kachisi wamkulu wa Aaziteki, anthu akale a kumeneko, kunayambira. Mgwirizano uliwonse ndi kontrakitala unene poyera kuti chikapezeka chinthu, ntchito pamalopo iima, aitanidwa wakutiwakuti, abwera pasanathe masiku angati, ndipo wonenayo sadzalangidwa.

Sindikupempha kuti khoma lililonse lakale lisungidwe. Zina zidzagumulidwa ndithu, koma ziyambe zajambulidwa ndi kuyezedwa, ndipo chigamulocho chipangidwe poyera, okhala m'deralo atamvedwa. Pamsonkhano wa khonsolo ukubwerawu, ndikupempha kuti mufunse akuluakulu oona za mapulani ngati pali katswiri wa zakale amene wayendapo kale pamalowo, ndipo yankho lawo lilembedwe m'maminitsi kuti tonse tikaliwerenge.

Ine wanu,
Mmodzi mwa okhala mumzinda umene mukuutsogolera