Kalata kwa mwana wanga pa za ndalama zakale za agogo ako

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno ku Zomba tili bwino, kaya iwe ndi banja lako kumeneko. Amayi ako andiuza kuti wapeza munthu pa Facebook wofuna kugula ndalama zamapepala zija zinali m'sutikesi ya malemu agogo ako, ndipo akuti akukufulumizitsa. Usavomere msanga. Ukale wokha suikweza mtengo ndalama. Anthu osunga ndalama zakale amalipira kusowa kwake ndi mmene yasungikira.

Yamba wazipatula. Zolembedwa Bank of Rhodesia and Nyasaland, zokhala ndi nkhope ya Mfumukazi Elizabeth, ndi za nthawi ya chitaganya chimene chinatha mu 1963. Kenako pali zathu zoyamba za nkhope ya Kamuzu: masheleni 5, masheleni 10, paundi imodzi ndi mapaundi 5. Zimenezi sizinakhalitse, chifukwa mu 1971 kunabwera kwacha ndi tambala, paundi imodzi n'kumasinthidwa ndi K2. Likulu la dziko linali lidakali kuno, ndipo agogo ako ankalandira malipiro awo m'ndalama zomwezo. Mapaundi 5 inali ndalama yaikulu, munthu wamba sakanaisiya m'Baibulo n'kuiiwala. Ambiri anakasinthitsa ku banki, n'chifukwa chake zotsala n'zochepa. Ikapezeka pamenepo, uisamale kuposa zonse. Za nkhope ya a Muluzi zinatuluka mu 1995, ndipo pofika 1997 kunayamba kutuluka za John Chilembwe. Za Chilembwezo zinasindikizidwa zambirimbiri, zili m'nyumba zochuluka, ndiye usaziyembekezere kwambiri.

Tsono chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Ndikukudziwa, umakonda zinthu zaudongo, ndipo ukaona pepala lokwinyika udzafuna kulikonza. Chonde usazisite, usazichape, usamate pong'ambika ndi selotepi, usazipititse kokazimatira m'pulasitiki ngati chiphaso. Ogula odziwa amaunika pepala pa kuwala, amalipapasa ndi zala. Inki ya ndalama yeniyeni imakhala yotukuka pang'ono, ndipo simbi imaiphwatalitsa, iwo n'kuzindikira pomwepo kuti inasitidwa. Selotepi nayo imasiya banga lachikasu losachoka. Kunja kuli makampani monga PMG oyeza ndalama pa sikelo ya 1 mpaka 70, ndipo mzere umodzi wokha wopinda pakati umaitsitsa pa sikeloyo. Ndalama ziwiri za chaka chimodzi, ina yosagwirapo ntchito, ina yoyendayenda mumsika, mitengo yake imatalikirana kwambiri. Makwinya ndi dothi lake uzisiye mmene zilili.

Uyang'anenso zing'onozing'ono: deti, siginecha ya gavanala wa Reserve Bank, ndi nambala. Gavanala akakhala pa mpando nthawi yochepa, ndalama za siginecha yake zimakhalanso zochepa. Nambala yotsika kwambiri, kapena ya manambala ofanana okhaokha, imafunidwa. Ukaona nambala yoyamba ndi ZZ, imeneyo inasindikizidwa kulowa m'malo mwa ina imene inawonongeka ku fakitale, ndipo zotero sizichuluka.

Pa mtengo, usatengeke ndi zimene anthu akuitanitsa pa intaneti, aliyense amalemba zomwe wafuna. Funafuna mtengo umene ndalama yonga yakoyo, yosungika mofanana, inagulitsidwadi. Jambula mbali zonse ziwiri, uwonetse anthu angapo, usadalire pakamwa pa wogula mmodzi. Ndipo usatumize kanthu asanakulipire. Munthu wokuuza kuti uyambe wamutumizira kangachepe kuti malonda atheke, ameneyo ndi wakuba.

Pakadali pano uziike mosapinda, iliyonse payokha pakati pa mapepala oyera, pamalo pouma. Ukamabwera nazo kuno usazibwezere m'sutikesi ija, chinyezi cha pansi pa phiri pano chimachititsa nkhungu, ndiye palinso chiswe.

Ndalamazi si zako wekha. Azakhali ako ali ndi mawu pa katundu wa bambo awo, ndipo ine ndingakonde kuti ya paundi imodzi itsale pakhomo kuti adzukulu adzaione. Ubwere nazo pa tchuthi tidzakambirane tonse usanagulitse ngakhale imodzi.

Upereke moni kwa onse.

Ndine bambo ako.