Za kagalasi ka m'diso mumafunsa kaja

Luchenza, Thyolo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg. Kuno mvula yayamba, tiyi wabiriwira.

Kagalasi kovala m'diso koyezera pulesha ya m'disomo, komwe mukufuna kuwagulira mayi chifukwa cha glaucoma (matenda owononga mtsempha wa diso, nthawi zambiri chifukwa cha kukwera kwa pulesha), kalipodi. Kodziwika ndi Triggerfish ka kampani ya Sensimed ya ku Switzerland, ndipo ku America anakavomereza mu 2016. N'kofewa, ndipo mkati mwake muli kawaya kopyapyala kozungulira. Pulesha ikakwera diso limafufuma pang'ono zedi, kawayako n'kutamuka. Pa mphindi 5 zilizonse kamayeza kwa masekondi 30 n'kutumiza ku eriyo yomata pakhungu kuzungulira diso, ndipo chingwe chimapititsa zonsezo ku kamakina komwe wodwala amayenda nako. Amakavala maola 24, kenako n'kutaya.

Phindu lake ndi usiku. Kuchipatala amayeza kamodzi masana, pomwe kwa ambiri pulesha imakwera atagona.

Koma musathamangire. Kagalasika sikachiza, ndiponso sikapereka nambala ya pulesha (mmHg) ija adokotala amalemba m'buku la kuchipatala (yabwino imakhala pakati pa 10 ndi 21). Kamangoonetsa maola omwe diso lafufuma kapena kuphwa. Woika, wochotsa ndi wowerenga pa kompyuta ndi dokotala wa maso wokhala ndi zida zake, choncho kotumiza pa basi sikangathandize. Ambiri akakavala diso limafiira, ena amaona mbuu.

Chondidetsa nkhawa ine ndi mankhwala odontheza. Glaucoma si ng'ala: mtsempha wa diso ukafa sudzukanso, ndipo nthawi zambiri munthu samva kupweteka, amangoyamba kugunda zinthu za m'mbali. Botolo lisathe popanda lina m'nyumba. Dontho limodzi n'lokwanira. Akokere chikope cham'munsi, adonthezemo, atsinzine, n'kukanikiza ndi chala pakona ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi 2 kuti mankhwala asatsikire kukhosi. Mabotolo akakhala awiri, adikire mphindi 5 pakati, apo ayi dontho lachiwiri limatsuka loyamba. Ngati mankhwalawo ndi otchedwa timolol ndipo mayi ali ndi mphumu, adokotala auzidwe msanga, chifukwa amabanikitsa.

Ndalama za kagalasizo zikhale za mankhwala ndi thiransipoti yopita kuchipatala cha maso ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Inunso kayezetseni konko ku Johannesburg, matendawa ndi akumtundu.

Ndine mnzanu wa ku Luchenza.